Jenereta ya asilikali ya MEP-803A m'manja mwa munthu wamba: ubwino wake ndi ntchito imene imabwera nayo

Pakati pa majenereta amene munthu wamba angathe kugula ku America popanda kulowa m'ngongole, ndi ochepa kwambiri amene angapikisane ndi MEP-803A pa nkhani ya kulimba, komanso ndi ochepa amene amafuna zambiri kwa mwini wake monga mmene imafunira iyoyi. Ndakhala ndi makinawa kwa zaka zingapo kuno ku Indiana, kudera lakumudzi kumene mphepo yamkuntho ndi madzi oundana zimagwetsera mitengo pa mawaya a magetsi, ndipo ndaona kuti ndi bwino kulemba zimene ndaphunzira chifukwa abale angapo, ena okhala konkuno ndipo ena ali kumudzi, akhala akundifunsa ngati n'chanzeru kugula jenereta imene asilikali anasiya kugwiritsa ntchito. Yankho langa ndi lakuti makinawa ndi abwino zedi kwa munthu amene ali wokonzeka kuwakonza yekha ndi manja ake, koma ndi mtolo wolemera kwa munthu amene akungofuna kudina batani n'kuona nyali zikuyaka.

MEP-803A ndi jenereta ya dizilo ya makilowati 10 imene gulu lankhondo la America linayamba kugwiritsa ntchito m'zaka za m'ma 1990. Ili m'gulu la majenereta otchedwa Tactical Quiet Generator, amene anabwera kudzalowa m'malo mwa MEP-002A ndi MEP-003A, makina akale aja oziziritsidwa ndi mphepo amene phokoso lake linkamveka patali kwambiri. Ambiri mwa majeneretawa anapangidwa ndi kampani ya Fermont ya mumzinda wa Bridgeport ku Connecticut. Pali inanso yocheperapo yotchedwa MEP-802A, ya makilowati 5, imene ikufanana ndi yaikuluyi pafupifupi pa chilichonse kupatula kukula kwa injini ndi kwa gawo lopanga magetsi, motero zambiri zimene ndilembe pano zikukhudza makina onse awiri. Chifukwa chimene majeneretawa akupezekera pamsika n'chakuti asilikali akhala akuwachotsa pang'onopang'ono n'kuikapo atsopano otchedwa AMMPS, opangidwa ndi kampani ya Cummins, ndipo akalewo amadutsa ku nthambi ya boma ya DLA Disposition Services n'kukagulitsidwa pa okushoni ya pa intaneti monga ya GovPlanet, kumene aliyense wolembetsa angathe kupikisana nawo pa mtengo.

Chimene chinandikopa ine poyamba ndi injini yake. Pachikwangwani chake panalembedwa dzina la Onan, koma kapangidwe kake ndi ka Lister Petter LPW4, injini ya masilinda anayi yoziziritsidwa ndi madzi, pamene MEP-802A ili ndi LPW2 ya masilinda awiri. Dzina la Lister si lachilendo kwa amene anakulira pafupi ndi zigayo za dizilo ndi mapampu a madzi, ndipo mbiri yake ya kupirira ndi yomweyo ngakhale pa injini zatsopanoko zimenezi. Injiniyi imazungulira maulendo 1,800 pa mphindi, pamene majenereta ambiri a petulo ogulitsidwa m'masitolo amazungulira maulendo 3,600, ndipo kusiyana kumeneku ndiko kumachititsa kuti ya asilikaliyi igwire ntchito usana ndi usiku kwa masiku otsatizana popanda kutopa, chifukwa zitsulo zake sizikhulana mothamanga ndipo siitentha mopitirira. Makilowati 10 amene analembedwawo si mphamvu imene makinawa amafikapo kwa kamphindi chabe monga zimakhalira pa zotsatsa malonda, koma ndi mphamvu imene anapangidwa kuti azipereka mosalekeza, kumalo otentha ngakhalenso kumalo okwera. Kunyumba kwanga pampu ya pachitsime, mafiriji awiri, makina otenthetsa nyumba ndi chitofu zimagwira ntchito nthawi imodzi, ndipo pampu ikamayamba, injini imangosintha kamvekedwe pang'ono n'kubwerera mwakale.

Phokoso lake ndi lochepa poyerekeza ndi kukula kwake. Mabuku ake amati ndi madesibelo 70 munthu ataima pa mtunda wa mamita 7, ndipo kunena zoona anthu awiri akhoza kucheza ali pafupi nayo popanda kukuwa. Izi zimatheka chifukwa makina onse ali m'bokosi la aluminiyamu lomatidwa zinthu zomeza phokoso mkati mwake, ndipo zitseko zake ziyenera kukhala zotseka injini ikamalira, popeza mphepo yoziziritsa inakonzedwa kuti izidutsa njira yakeyake m'bokosimo. Thanki yake imalowa malita pafupifupi 34, ndipo ikamagwira ntchito ndi mphamvu zonse imamwa malita pafupifupi 3.7 pa ola, kutanthauza kuti thanki imodzi imatha patapita maola asanu ndi atatu kapena kupitirirapo pang'ono. Koma ili ndi pampu yachiwiri imene imakoka yokha dizilo kuchokera mumgolo wapambali thanki ikatsika, chinthu chimene ndimachiyamikira kwambiri magetsi akazima kwa nthawi yaitali. Vuto ndi kulemera kwake. Imapitirira makilogalamu 500, ilibe mateyala pokhapokha mutagula yomwe ili kale pa ngolo yake, ndipo muyenera kuganiziratu za mmene mukaitsitsire pagalimoto ndi pamene idzakhale, chifukwa mukaikhazika simudzaisunthanso wamba.

Kugula pa okushoni kumafuna maso akuthwa kuposa thumba lalikulu. Katundu amagulitsidwa monga mmene alili, ndipo pamwamba pa mtengo umene mwapambana nawo pamabwera ndalama ya ogulitsa, msonkho, ndi ndalama yonyamulira, zimene zikaphatikizana zingathe kusintha malonda ooneka otchipa kukhala odula. Geji yowerenga maola siyenera kukhulupiriridwa yokha, chifukwa makina ena anakonzedwanso kwathunthu kumalo monga Letterkenny Army Depot ku Pennsylvania ndipo anaikidwa geji yatsopano, pamene ena gejiyo inangosinthidwa itawonongeka. Chofunika ndi kuyang'ana zithunzi mofatsa: ngati pali mawaya odulidwa, ngati mapaipi a mafuta amasulidwa n'kusiyidwa akulendewera, ngati sitata kapena alitaneta palibe, dziwani kuti jenereta imeneyo asilikali ankaichotsa zipangizo pokonzera inzake, ndipo nthawi zambiri amasankha kuchotsa pa makina amene anali ndi vuto lalikulu kale. Palinso msampha wina umene umakola anthu osadziwa. MEP-812A ndi MEP-813A zimaoneka chimodzimodzi ndi zinzakezi, koma zimatulutsa magetsi a 400 Hz (osinthasintha maulendo 400 pa sekondi, pamene a m'nyumba za ku America ndi a 60 Hz) ogwiritsa ntchito pa zida za ndege ndi za rada, ndipo m'nyumba mulibe chimene angayendetse bwino kupatula mwina zotenthetsera. Werengani kachikwangwani kachitsulo kamene kali pambali pa makinawo musanatchule mtengo uliwonse.

Jenereta ikafika pakhomo, mtima umafuna kuiliza tsiku lomwelo, koma langizo langa ndi lakuti muyambe mwawerenga. Ubwino waukulu wa katundu wa asilikali ndi mabuku ake. Buku la woyendetsa makinawa ndi TM 9-6115-642-10, la okonza ndi TM 9-6115-642-24, ndipo palinso lina losonyeza chipangizo chilichonse ndi nambala yake, mpaka kabawuti kakang'ono. Mabukuwa amapezeka pa intaneti kwaulere, ndipo analembedwa kuti msilikali wachinyamata amene sanakonzepo injini athe kutsatira ndondomeko yake sitepe ndi sitepe. Chithunzi cha kayendedwe ka mawaya chinamatidwanso mkati mwa zitseko, ndipo waya aliyense ali ndi nambala yodindidwa pa iye mwini. Sindinaonepo jenereta ya m'sitolo imene mwini wake amapatsidwa chidziwitso chochuluka chotere. Mutawerenga, sinthani oyilo ndi sefa yake, tsanulani dizilo yense wakale, tsukani thanki, sinthani masefa a mafuta ndi a mpweya, ndipo yang'anani madzi a mu radiyeta. Makinawa amayendera mabatire awiri a mavolti 12 olumikizidwa motsatizana kuti apereke mavolti 24, ndipo kawirikawiri amabwera opanda mabatire kapena ndi mabatire akufa. Mkati, pafupi ndi injini, muli swichi yolembedwa DEAD CRANK imene imazunguza injini popanda kuipatsa mafuta, ndipo ndi yothandiza pofuna kumva ngati injini ikuzungulira momasuka komanso kuti oyilo afike paliponse isanalire.

Pali ntchito imodzi imene ndikupempha aliyense kuti aichite injini isanalire ngakhale kamodzi, ndiyo kuyang'ana ngati pali fyuzi yoteteza mawaya otchedwa quad winding. Mkati mwa gawo lopanga magetsi muli mawaya apadera opyapyala amene ntchito yawo ndi kudyetsa kabokosi kowongolera mavolti. Kabokosi kameneka kakawonongeka mkati, kamakoka magetsi ochuluka kudzera m'mawaya amenewa mpaka amapsa, ndipo akapsa ndiye kuti mbali yonse yosazungulira ya jenereta iyenera kusinthidwa kapena kukulungidwanso, ntchito imene mtengo wake ungayandikire mtengo wa makina onse. Asilikali atazindikira vutoli analamula kuti paikidwe fyuzi ya ma amp 3 pa waya wochokera ku quad winding kupita ku kabokosiko, koma si makina onse amene anafikiridwa. Mukatsegula chitseko cha ma geji n'kuyang'ana pafupi ndi kabokosi kowongolera mavolti kaja, kolembedwa A1, muyenera kuona fyuziyo ili m'chogwirira chake. Ngati palibe, ikanipo. Ndi kanthu kotchipa kwambiri, ndipo ntchito yake siifuna luso lapadera kupatula kutsatira malangizo mosamala, koma ndi kamene kamasiyanitsa makina okhalitsa ndi chitsulo chongodzaza malo pabwalo.

Vuto lachiwiri, limene pafupifupi mwini aliyense amakumana nalo, ndi kuchucha kwa dizilo. Thanki ya makinawa ndi ya pulasitiki, ndipo mapaipi amalowamo kudzera m'timphira tokhala ndi mazinga a mkuwa mkati mwake, timene timafufuma n'kutseka bowo mukamanga. Mphira ukakalamba umauma n'kung'aluka. Pa makina anga ndinayamba ndi kumva fungo la dizilo m'mawa uliwonse, kenako ndinaona kuti pansi pa bokosi panali ponyowa, ndipo nditamasula kamphira ka pansi pa thanki, kanangofumbutuka m'zala zanga n'kusiya zakuda m'manja. Kusintha kamphirako kumafuna kulowetsa dzanja m'thanki kudzera pakamwa pothirira mafuta, ntchito yosautsa kwa munthu wa mkono waukulu, ndipo masiku ano pali zolowa m'malo mwake zachitsulo zokhala ndi mphete yotsekera zimene zimatha vutoli kwa nthawi yaitali. Timapaipi ting'onoting'ono tokutidwa ndi nsalu tobweza dizilo wotsala kuchokera ku ma injekita natonso timafuka ndi ukalamba, ndipo nsaluyo ikayamba kuoneka yonyowa, ndi bwino kusintha tonse nthawi imodzi m'malo modikira kuti kalikonse kaphulike pa nthawi yakeyake. Zimenezi si zolakwika za kapangidwe, koma ndi zimene zimachitikira mphira uliwonse umene wakhala padzuwa ndi m'chisanu kwa zaka makumi awiri kapena kuposerapo.

Kalizidwe ka makinawa kamasiyana ndi ka galimoto, ndipo ambiri amene amadandaula kuti jenereta yawo ikulira koma siikutulutsa magetsi amakhala kuti sanamvetse mfundo imeneyi. Swichi yaikulu ili ndi malo olembedwa PREHEAT, OFF, PRIME & RUN AUX FUEL, PRIME & RUN ndi START. Kukazizira mumayamba mwatenthetsa mpweya wolowa mu injini kwa masekondi pafupifupi 30, kenako mumapita pa PRIME & RUN n'kumvetsera pampu ya mafuta ikugunda mpaka kugundako kutachepa liwiro, ndiyeno mumapotoza kufika pa START. Injini ikalira musasiye swichiyo msanga. Igwirenibe mpaka geji ya oyilo itakwera kufika pa 25 psi ndipo singano ya mavolti itadzuka, chifukwa ndi nthawi imeneyi pamene batire limapereka magetsi oyambitsira maginito a jenereta, komanso chitetezo cha oyilo chimakhala chitaimitsidwa kaye. Sitata imadzichotsa yokha injini ikafika pa liwiro lake, choncho palibe choopa. Mfundo ina yofunika ndi yakuti makinawa salizidwa pang'onopang'ono monga mmene timachitira potenthetsa galimoto. Ayenera kukhala pa 60 Hz kuyambira pomwe alira mpaka pomwe azimitsidwa, chifukwa liwiro likatsika, kabokosi kowongolera mavolti kamalimbana kuti kasunge mavolti pamalo pake ndipo kamatentha mpaka kuwonongeka. Ine ndimaika pa 61 Hz kapena kupitirira pang'ono ndisanalumikize katundu, kutanthauza zipangizo zogwiritsa ntchito magetsi, kuti katundu akalowa itsikire pa 60, ndipo ndimayeza ndi mita ya m'manja popeza ma geji akale a pamakinawa si onse amene amanena zoona.

Matenda amene ndikufuna kukhalitsapo ndi amene amabwera chifukwa chosagwiritsa ntchito makinawa mokwanira. Injini ya dizilo imafuna kutentha kuti iwotche mafuta onse, ndipo ili ngati ng'ombe ya pangolo imene imafooka ikangokhala m'khola osaikidwa goli. Kuusilikali majenereta ambiri a makilowati 10 ankalira masiku ambiri akuyatsa nyali zochepa ndi wailesi basi, ndipo zotsatira zake n'zakuti dizilo wosapsa amasakanikirana ndi mwaye n'kupanga phula lakuda limene limamatirira m'mavavu, m'mphete za mapisitoni ndi mu ekizozi. Okonza amatchula vutoli kuti wet stacking. Zizindikiro zake ndi madontho akuda onata otuluka polumikizira ekizozi, utsi wochuluka, ndi injini imene imalira bwino ilibe katundu koma imafooka mukangoipatsa theka la mphamvu zake. Munthu wosadziwa angaganize kuti injini yatha, pamene mankhwala ake nthawi zambiri ndi kuigwiritsa ntchito yolemera. Ine ndinasonkhanitsa zotenthetsera m'nyumba zingapo ndi chitofu chakale cha magetsi, n'kumawonjezera katundu pang'onopang'ono, kuyambira pamene injini inkakwanitsa popanda kutsamwa, n'kumadikira kuti utsi uyere ndisanawonjezere china. Pa maola oyambirira mu ekizozi munkatuluka timakala tonyeka ndi utsi wonunkha, moti ndi bwino kuchitira ntchitoyi kutali ndi udzu wouma muli ndi chozimitsira moto pafupi, koma pofika kumapeto utsi unali utayera ndipo injini inkanyamula katundu yense mosavuta. Poyesa motere kumbukirani kuti geji ya katundu inakonzedwa poganizira mamota, pamene mphamvu yeniyeni imakhala magawo 8 mwa magawo 10 a magetsi oyenda m'mawaya, choncho ngati katundu wanu ndi zotenthetsera zokhazokha, singano ikafika pa 80 peresenti ndiye kuti mwafika kale pa makilowati 10. Chifukwa cha vuto la wet stacking limeneli ndimauza anthu a nyumba zing'onozing'ono kuti asankhe MEP-802A, imene imamwa malita ongopitirira pang'ono awiri pa ola ndipo n'kosavuta kuipatsa katundu woikwanira.

Mbali ya magetsi ilibe kompyuta iliyonse, ndipo uwu ndi ubwino waukulu kwa wokonza yekha. Zonse zimayendera maswichi, ma relay ndi mawaya, zinthu zimene munthu wokhala ndi mita ndi chithunzi cha mawaya angazilondole. Zovuta zambiri zimachokera ku dzimbiri ndi fumbi za pamalo okhudzana. Chitsanzo chodziwika ndi nyali ya OVERLOAD imene imayaka n'kudula magetsi katundu ali wochepa. Kawirikawiri gwero lake ndi swichi yosankhira mtundu wa magetsi, yolembedwa S8, imene ili kuseri kwa ma geji, pamodzi ndi inzake yosankhira mawaya oti ma geji awerenge. Maswichi amenewa akakhala zaka osapotozedwa amachita litsiro mkati, ndipo kuwapopera mankhwala otsukira zamagetsi n'kuwapotoza kambirimbiri injini ili yozima kumathetsa vutolo. Makinawa amadziteteza okha oyilo akachepa mphamvu, madzi akatentha kwambiri, mafuta akatha, kapena mavolti akakwera mopitirira, ndipo nyali ya vutolo imakhalabe yoyaka kuti mudziwe chimene chazimitsa injini. Pali swichi ina yovindikiridwa yolembedwa BATTLE SHORT imene imalambalala pafupifupi chitetezo chonsechi. Inaikidwa poganizira nthawi ya nkhondo, pamene kuzima kwa magetsi kungaphetse anthu ndipo kuwonongeka kwa injini si kanthu. Pakhomo palibe chifukwa choigwiritsira ntchito kupatula kwa kamphindi pofufuza vuto, ndipo munthu amene amaisiya yoyatsa kuti jenereta isamazime akuphera dala injini yake.

Ntchito zamkati mwa injini zimafuna kudekha kwambiri. Silinda iliyonse ili ndi kapampu kakekake ka dizilo, ndipo timapampu tonse timawongoleredwa ndi kachitsulo kamodzi kotalika kamene kamayenda uku ndi uku mkati mwa injini. Dizilo wakale akauma, kapampu kamodzi kangathe kumatirira n'kugwira kachitsulo konse, injini n'kukana kulira kapena kukana kuzima. Pobwezera kapampu, kamsomali kake kayenera kulowa bwino m'mpata wa kachitsuloko, apo ayi silinda imeneyo idzalandira mafuta mosalamulirika, ndipo timbale topyapyala timene timakhala pansi pa kapampu kalikonse sitiyenera kusokonezedwa chifukwa ndi timene timakhazikitsa nthawi yopopera mafuta. Mukatsegula mutu wa injini, kumbukiraninso kuti zokankhira mavavu zimadzaza ndi oyilo, ndipo mukamanga muyenera kudikira kuti oyiloyo atuluke musanazunguze injini, chifukwa kupupuluma kumapinda ndodo zokankhira. Pa nkhani ya masipeya, masefa, malamba ndi mapampu a magetsi okoka mafuta ali ndi zofanana nazo m'masitolo a zipangizo za galimoto, ndipo za injini zimapezeka kwa ogulitsa katundu wa Lister Petter ngakhale kuti zina ndi zodula. Zovuta kupeza ndi zimene zinapangidwira asilikali okha, monga maswichi aakulu aja, ma geji ena ndi gawo lopanga magetsi, ndipo n'chifukwa chake eni ambiri amafika pogula jenereta yachiwiri yowonongeka kuti azichotsako zipangizo. Dziwaninso kuti okonza majenereta a m'tauni ambiri sawadziwa makinawa ndipo ena amakana kuwagwira.

Kulumikiza kunyumba ndi pamene sindilola kuti munthu achite zongoyerekeza. MEP-803A imatha kupereka magetsi a mitundu itatu: mavolti 120 okha, mavolti 120 ndi 240 monga mmene nyumba za ku America zimalandirira, kapena mavolti 120 ndi 208 a mafezi atatu. Panyumba mumasankha wachiwiriwo, umene umapereka ma amp 52 kudzera pa zolumikizira zolembedwa L1 ndi L3 (mawaya amoyo) ndi N (waya wopanda mphamvu). Pakati pa jenereta ndi nyumba payenera kukhala swichi yosinthira kapena chotsekera chimene chimaletsa kuti magetsi a jenereta ndi a kampani akumane, chifukwa popanda chimenechi magetsi anu amabwerera m'mawaya a mumsewu, amakwezedwa ndi thiransifoma, ndipo angathe kupha wogwira ntchito amene akukonza mawayawo akuganiza kuti ndi ozima. Pafupi ndi polumikizira pali kachitsulo kolumikiza N ndi thupi la makina, kamene kamasiyidwa pamene jenereta ikugwira ntchito payokha kutchire ili ndi ndodo yake yokhomerera pansi, koma kamachotsedwa pamene kulumikizana kotereku kulipo kale pa bokosi lalikulu la magetsi a nyumba. Zimenezi aziona ndi katswiri wa zamagetsi wokhala ndi chiphaso, motsatira malamulo a dera lanu. Makinawa ayeneranso kukhala panja, kutali ndi mazenera, chifukwa utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha.

Zofooka zina ndi zazing'ono koma zimatopetsa. Jeneretayi siidziliza yokha magetsi akazima pokhapokha mutagula zida zowonjezera, choncho wina ayenera kutuluka panja usiku kapena m'chipale chofewa. Mabatire amafuna chotchajira cha mavolti 24 chokhala cholumikizidwa nthawi zonse. Mbewa zimakonda kumanga zisa m'zomatira za m'bokosi n'kumatafuna mawaya. Utoto wake wobiriwira kapena wachikasu ndi wa mtundu wa CARC, umene fumbi lake ndi loopsa m'mapapo, motero musaupale popanda chotchinga pamphuno choyenera. Ndipo mwezi uliwonse imafunika kulizidwa ili ndi katundu wokwanira, ngakhale magetsi asanazimepo.

Tsopano ndifike pa funso la abale amene amaganiza zogula jenereta yotereyi n'kuitumiza ku Malawi, kumene kuzimazima kwa magetsi kumaimitsa ntchito zambiri. Ndikumvetsa chifukwa chake maganizowa amakopa, koma pa MEP-802A ndi MEP-803A langizo langa ndi lakuti musatero. Magetsi a ESCOM ndi a mavolti 230 pa 50 Hz, ndipo a mafezi atatu ndi a mavolti 400, pamene makina awiriwa anapangidwira 60 Hz basi. Kuti atulutse 50 Hz injini iyenera kutsika kufika pa maulendo 1,500 pa mphindi, ndipo tanena kale zimene liwiro lotsika limachita ku kabokosi kowongolera mavolti. Mukawasiya pa 60 Hz, mota iliyonse yopangidwira 50 Hz idzathamanga mopitirira ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, zimene zimalemetsa mapampu ndi mafani mpaka kutentha. Komanso mavolti 240 a makinawa amapezeka pakati pa mawaya awiri amoyo, aliyense wa mawayawo ali ndi mavolti 120 poyerekeza ndi nthaka, pamene nyumba za ku Malawi zinalumikizidwa poyembekezera waya mmodzi wamoyo ndi wina wopanda mphamvu, ndipo maswichi ndi mafyuzi ake amadula waya mmodzi yekhayo. Chipangizo chimene mwachizimitsa pakhoma chingakhalebe ndi magetsi mkati mwake. Mafezi atatu a mavolti 208 nawonso sangayendetse chigayo kapena makina ena opangidwira mavolti 400.

Amene akufunadi makina a asilikali ogwirizana ndi magetsi a kwathu ayang'ane kuyambira pa MEP-804A, ya makilowati 15 yokhala ndi injini ya Isuzu, imene ili ndi swichi yosankhira 50 Hz kapena 60 Hz ndipo ingalumikizidwe kuti ipereke mavolti 240 ndi 416 a mafezi atatu, ngakhale kuti pa 50 Hz mphamvu yake imatsikira pa makilowati 12.5. Imeneyo imalemera pafupifupi tani imodzi, gavanala wake, yemwe amawongolera liwiro la injini, ndi wamagetsi ndipo ndi wovutirapo kukonza, ndipo musanalipire kalikonse muyenera kufunsa bwino za malamulo a boma la America okhudza kutulutsa kunja katundu amene anali wa asilikali, kuwerengera mtengo wa sitima ndi wa galimoto yochokera kudoko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, msonkho wa MRA, komanso kulingalira za kumene mudzapeze sipeya yaing'ono ikadzawonongeka makinawo ali ku Mzimba kapena ku Nsanje. Mukaphatikiza zonsezi, nthawi zambiri mudzapeza kuti jenereta ya dizilo ya 50 Hz yogulidwa ku Lilongwe, ku Blantyre kapena ku Johannesburg, imene amakaniko akumaloko amaidziwa ndipo masipeya ake ali pafupi, ndiyo idzakutumikireni bwino.